Tsobola Wakale Sawawa: Percy Jackson ndi Milungu ya Kwathu

Pali mawu amene akumveka kawirikawiri pakati pa ife amene tikuphunzira kulemba nkhani zopeka. Munthu akawerenga mabuku a Rick Riordan onena za mnyamata wotchedwa Percy Jackson, kapena akaonera kanema wake, amabwera mtima uli dyokodyoko nati: "Bwanji nafenso tilembe zotere? Tichotse Zeus tiikepo Mphambe, tichotse New York tiikepo Blantyre, basi buku latha." Maganizo amenewa sindikuwanyoza, pakuti achinyamata a kwathu ali ndi njala ya nkhani zimene angadzionemo okha. Koma ndikufuna kuonetsa kuti kusinthanitsa maina kokhako sikungatipatse buku, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: milungu ya Riordan inafa kalekale pamene yathu ikali moyo. Kuti mfundoyi imveke bwino, ndiyesa mabukuwa ndi muyeso wa dera limodzi, la Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre. Ngati njira ya Riordan ingagwire ntchito kwathu kuno, iyenera kugwira pa msewu wochoka ku bwalo la ndege kupita ku Lunzu mpaka pa mlatho wa Zalewa.

NKHANI YAKE

Buku loyamba, The Lightning Thief, linatuluka mu 2005, ndipo ena anayi anatsatira chaka ndi chaka kufikira The Last Olympian mu 2009. Riordan anali mphunzitsi ku America, ndipo nkhaniyi anayamba kuisimbira mwana wake wamwamuna amene kuwerenga kunkamuvuta. Percy ndi wa zaka 12. Amakhala ndi amayi ake pamodzi ndi bambo womupeza, munthu wankhanza wokonda njuga. Sukulu iliyonse imene wapita imamuchotsa. Tsiku lina mphunzitsi wake wa masamu asanduka chilombo chamapiko n'kufuna kumupha, ndipo kuchokera apo zobisika ziyamba kuululika: bambo ake omubereka ndi Poseidon, mulungu wa nyanja wa Agiriki. Mphezi ya Zeus, mfumu ya milungu, yabedwa, ndipo amene akumuganizira ndi Percy. Akapanda kuibweza m'masiku khumi, milungu ithirana nkhondo. Tsono mnyamatayu anyamuka ulendo wodutsa dziko lonse la America, kuchoka ku New York kukafika ku Los Angeles, pamodzi ndi Annabeth mwana wa Athena ndi Grover amene ndi munthu kumtunda koma mbuzi kumunsi. Pamapeto pake zidziwika kuti wakubayo ndi Luke, mnzawo amene ankamukhulupirira, mwana wa Hermes.

ZIMENE RIORDAN ANAKHOZA

Choyamba chimene mlembiyu anakhoza ndi malo. Sanapeke dziko lakutali lokhala ndi maina ovuta kutchula. Anatenga malo amene mwana wa ku America amawadziwa n'kuwapatsa chipinda china chobisika. Phiri la Olympus analiika pamwamba pa Empire State Building, pa nsanjika ya 600, chikhalirecho nyumbayo ili ndi nsanjika 102 zokha. Khomo la dziko la akufa lili ku Los Angeles. Medusa, mkazi wa tsitsi la njoka amene akakuyang'ana umasanduka mwala, ali ndi sitolo yogulitsa zifanizo zamiyala m'mbali mwa msewu. Ares, mulungu wa nkhondo, amayenda pa njinga yamoto. Lupanga la Percy likakhala m'thumba ndi cholembera wamba. Mwana akamaliza kuwerenga amatuluka panja n'kuyamba kuyang'ana tauni yake ndi maso atsopano, ndipo mphatso yoposa imeneyi mlembi sangapereke.

Chachiwiri ndi m'mene anasandutsira chilema kukhala mphamvu. Zilembo zimamuvinira Percy m'maso akamawerenga, ndipo satha kukhazikika m'kalasi. Aphunzitsi amamuyesa mbuli. Bukuli likuti ayi, ubongo wake unapangidwira Chigiriki chakale, ndipo kusakhazikikako ndi tcheru cha msilikali pankhondo. Aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo m'kalasi la ana oposa 100, namva mphunzitsi akutchula mnzake kuti "mutu wouma", adziwa kuti mankhwala ameneyu ndi ofunika kwathu kuno kuposa kumene anachokera.

Chachitatu, chimenenso ndi msana wa mabuku onse asanu, ndi nkhani ya bambo wosaoneka. Milungu ya m'mabukuwa imabereka ana ndi anthu n'kuwasiya. Ana ena amakhala zaka pa msasa wa Camp Half-Blood kudikira kuti kholo lawo liwavomere, osavomeredwa. Luke saba mphezi chifukwa cha dyera. Akuba chifukwa cha mkwiyo wa mwana wotayidwa. Ndipo m'buku lomaliza, milungu itamuuza Percy kuti asankhe moyo wosafa, iye akana, napempha kuti milunguyo ilumbire kuti idzavomera ana ake onse. Zilombo ndi malupanga ndi zokometsera chabe. Ndiwo yeniyeni ndi funso limene mwana amafunsa usiku: bambo anga ali kuti, ndipo amandidziwa kodi?

PAMENE PAFOOKA

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kayendedwe ka nkhani m'buku loyambali ndi ka mutu uno chilombo, mutu wamawa chilombo china, kotero kuti ukafika pakati umayamba kudziwiratu zimene zikubwera. Zilombozo zikaphedwa zimangosanduka fumbi, ndipo patapita nthawi zimabadwanso. Anthu wamba saona chilichonse chifukwa pali nkhungu yamatsenga imene imawaphimba m'maso. Nkhungu imeneyi ndi yothandiza mlembi kuposa owerenga: nyumba ziphulika, misewu iwonongeka, koma palibe mlandu umene utsala woti anthu akaukambe pabwalo.

Chofooka chachikulu chili pa chifukwa chimene bukuli lipereka chakuti milungu ya ku Greece ipezeke ku America. Mphunzitsi wa Percy, Chiron, afotokoza kuti milunguyo imatsata mtima wa chitukuko cha Azungu kulikonse kumene wasamukira: unali ku Greece, unapita ku Rome, unadutsa m'maiko ena a ku Ulaya, tsopano uli ku America. Mwana wa ku Lirangwe akawerenga ndime imeneyi amva kuti moto wa nzeru unayenda dziko lonse koma kwawo sunadutseko. Maganizo amenewa si achilendo kwa ife. Pamene Dr Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti mwana aliyense aphunzire Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi anachokera kunja. Ku Chancellor College nakonso gawo la maphunziro a Agiriki ndi Aroma linakhazikitsidwa m'zaka zomwezo, motsogozedwa ndi Caroline Alexander amene pambuyo pake, mu 2015, anatulutsa Iliad m'Chingerezi. Sindikuti kuphunzira Homer n'kulakwa. Ndikuti Zeus anafika m'Malawi muno atavala suti ndi chipewa, ngati chizindikiro cha munthu wophunzira, pa nthawi imene Mbona ndi Napolo ankayesedwa za anthu osapita kusukulu.

TSOBOLA WAKALE

Tsopano tifike pa mutu wa nkhani. N'chifukwa chiyani Riordan akhoza kumuveka Poseidon kabudula ndi malaya amaluwamaluwa, kapena kusandutsa Dionysus kukhala woyang'anira msasa waulesi amene analetsedwa kumwa vinyo, popanda womuimba mlandu? Yankho ndi lakuti akachisi a milungu imeneyi anatsekedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kupatula timagulu tochepa timene tikuyesa kutsitsimutsa chipembedzocho, palibe mudzi umene umathira nsembe kwa Zeus mvula ikakana. Palibe nkhalamba imene idzagendedwe chifukwa mwana wawerenga za Medusa. Tsobola wakale sawawa. Mlembi akhoza kumusinja, kumuthira paliponse, ndiwo zikhala zofiira koma lilime silipsa.

Alembi a mu Africa anauona kale ufulu umenewu. Ola Rotimi wa ku Nigeria anatenga nkhani ya Oedipus n'kuiika pakati pa Ayoruba m'sewero la The Gods Are Not to Blame, ndipo Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anaika Antigone m'ndende ya akaidi andale m'sewero la The Island mu 1973. Nthano ya Agiriki inali ngati chovala chobwereka chimene munthu amavala pofuna kunena zoopsa osazindikirika. Koma tsobola wathu ndi wa chaka chino. Tiyeni timulawe.

Tiyambe ndi mphezi yomweyo. M'buku la Riordan funso lakuti "waba mphezi ndani" ndi chiyambi cha ulendo wosangalatsa. Mukachoka pa Lirangwe n'kuwoloka Shire pa Zalewa mwalowa m'boma la Neno. Kumeneko, mu January 2016, mphezi inapha mtsikana, ndipo anthu a m'mudzi anafunsa funso lofanana nalo: watumiza mphezi ndani? Yankho lawo linali nkhalamba zinayi za m'mudzi momwemo, ndipo anazipha zonse. Lamulo la 1911 linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silinafike msanga tsiku limenelo. Mlembi wa kwathu amene angalembe za mnyamata wofunafuna munthu amene waba mphezi, n'kumupeza kuti ndi gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, adziwe kuti akuthira mafuta pamoto umene ukuyaka kale. Ku New York zoterezi amati nthano. Kwathu kuno ndi umboni.

Chimodzimodzi ndege. Wina angati: ku Chileka kuli bwalo la ndege, bwanji tilembe za bwalo lina losaoneka pafupi pomwepo, pamene pamatera ndege za lichero usiku? Kunena zoona maganizowa ndi a Riordan enieni, ndipo akhoza kuseketsa. Koma ndege ya lichero sinadikire mlembi kuti ailowetse m'dziko la makono. Inalowa kale yokha. Anthu amakamba za mafuta ake, za woyendetsa wake, za pamene inagwa kutacha, ndipo nyuzipepala zathu zakhala zikulemba nkhani zotere ngati zochitika. Ana amakakamizidwa kuulula kuti anakwera, ndipo amene amatchulidwa kuti anawakweza ndi anthu enieni okhala ndi nyumba zimene zingathe kutenthedwa. Tikumbukenso 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje n'kufalikira mpaka ku Blantyre, anthu n'kuphedwa pongoganiziridwa. Ife tilibe nkhungu yophimba anthu wamba m'maso. Anthu wamba ndiwo amaona zambiri kuposa mlembi.

Nanga Napolo? Chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka n'kukokolola midzi chikanakhala chilombo chabwino zedi cha mutu wachisanu, choti mnyamata wathu achibaye ndi mkondo chisanduke fumbi. Koma Napolo anatsika phiri la Zomba mu December 1946, anatsikanso ku Phalombe mu March 1991 n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Mwana wa ku Chileka amene tikumulembera akhoza kukhala kuti anataya wachibale mmenemo. Simungamuuze kuti chilombocho chinagonja pa tsamba 80.

Ndipo pali Gule Wamkulu, umene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005. Kunena chilungamo, a kudambwe anamutsogolera Riordan ndi zaka zambiri pa luso lolowetsa zamakono m'dziko la mizimu: pali Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, pali Maliya, pali zilombo zofanizira galimoto. Koma gule ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Wosameta akalemba za kudambwe alemba zabodza, wometa akalemba zoona waulula mwambo. Vuto lotere Riordan sanakumane nalo ndi tsiku limodzi lomwe.

AMENE ANATITSOGOLERA

Wina asaganize kuti ndikuti milungu yathu isakhudzidwe. Inakhudzidwa kale, ndipo bwino lomwe. Steve Chimombo, amene anatisiya mu 2015, anakhala moyo wake wonse akulemba za Napolo ndi Mbona: sewero la The Rainmaker mu 1978, Napolo Poems mu 1987, The Wrath of Napolo mu 2000. Chimene tiphunzira kwa iye n'chakuti sanayese kumuweta Napolo. Anamusiya woopsa monga momwe alili, n'kumulozetsa ku zoopsa zina zimene anthu sankatha kuzitchula dzina pa nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankangosowa usiku ngati wakokoloka ndi madzi. Jack Mapanje naye anabisala kumbuyo kwa bilimankhwe m'buku la Of Chameleons and Gods la 1981, ngakhale kuti kubisalako sikunamupulumutse ku Mikuyu mu 1987. Kwa alembi amenewa, kukhala moyo kwa nthano ndiko kunali mphamvu yake. Nthano yakufa sikanaopsa a Censorship Board.

Koma awiriwa ankalembera akuluakulu, ndiponso m'Chingerezi. Pambuyo pawo pabwera ena amene ayesa nkhani za dziko losaoneka ndi za m'tsogolo, monga Shadreck Chikoti ndi buku lake la Azotus the Kingdom la 2015. Kunja nako zinthu zasintha. Nnedi Okorafor analemba Akata Witch mu 2011, nkhani ya mtsikana wachialubino ku Nigeria, ndipo Riordan mwini wake, pozindikira kuti nthano za eni ake n'zofunika eni akewo, anayambitsa Rick Riordan Presents mu 2018 kuti alembi a mitundu ina alembe za milungu ya kwawo. Mpando umene uli wopanda munthu ndi wa buku la Chichewa, la mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2, lochitika pamalo pamene iye amapondapo.

ZOTI TITENGE

Tsono titengeko chiyani kwa Riordan? Ndikuti titenge msana uja, tisiye zokometsera. Nkhani ya bambo wosaoneka ilibe kwawo kwina koposa Chileka. Pa bwalo la ndege limeneli ndi pamene ankakwerera amuna opita ku migodi ya ku South Africa pa ndege za Wenela, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Pa 4 April 1974 ndege ina ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Lero ndege za Wenela kulibe, koma mabasi a ku Joni amadutsa pa Lirangwe, kukhota pa Zalewa kulowera ku Mwanza. Mtchona ndiye Poseidon wathu: wamphamvu, wakutali, wodziwika ndi mphatso imene imafika kamodzi pa zaka zitatu, wosayankha ukamuitana. Ana a Luke, odzala ndi mkwiyo wa kutayidwa, tili nawo m'kalasi iliyonse.

Koma pomwepanso mpamene wongokopera angagwe m'mbuna. Mabuku a Percy aima pa chikhulupiriro chakuti mwana ndi wa bambo: ukadziwa bambo wako wadziwa dzina lako, nyumba yako ndi mphamvu yako. M'midzi yambiri ya ku Chileka ndi ku Lirangwe sizili choncho. Kumeneko ndi kwa chikamwini. Bambo ndi mkamwini, munthu wobwera, amene banja likatha amanyamula khasu lake ndi bulangete n'kubwerera kwawo. Mwana ndi wa kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Mnyamata wa ku Lirangwe atauzidwa kuti bambo ake ndi mulungu wa mtsinje wa Shire, agogo ake akhoza kungoyankha kuti, "Chabwino, koma nanga malume ako akudziwa?" Funso limeneli ndi loseketsa, komanso ndi khomo la nkhani imene Riordan sangailembe.

Umboni wake ndi Mbona yemwe. Nkhani ya Mbona, monga anaisonkhanitsira Matthew Schoffeleers m'buku la River of Blood la 1992, ili ndi mafotokozedwe angapo, koma m'mafotokozedwe odziwika bwino mkangano wake suli pakati pa mwana ndi bambo. Uli pakati pa mnyamata ndi amalume ake, Mlauli, mlosi wa mvula amene mphamvu zinamuthera. Mnyamata wonyozeka avina, mvula igwa, akuluakulu achita nsanje. Iye athawira kumwera, nasiya zizindikiro pa miyala m'malo amene anapumira. Adani ake amupeza koma zida zawo zilephera kumulasa, kufikira iye mwini awaululira kanthu kakang'ono kamene kangamuphe. Amudula mutu, magazi ake asanduka mtsinje, ndipo kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Onani zonse zimene wachinyamata amafuna m'buku zili momwemo: wamng'ono wopambana akulu, ulendo wothawa, thupi losalasika ngati la Achilles, kuperekedwa ndi abale. Chosiyana n'chakuti ku Khulubvi kuli anthu amene amasunga malowo ndi miyambo yake. Mlembi apite kumeneko ngati mlendo wogogoda, osati ngati mwini munda.

Ndikuganiza kuti njira ndi iyi. Mbona mwini wake asavekedwe jinzi kapena kupatsidwa foni. Akhale patali, monga amakhalira. Amene tingamuike pa minibasi ya ku Lunzu ndi mtsikana kapena mnyamata wa lero amene chilala chamupeza, amene amalume ake agulitsa munda wa mbumba, amene watulukira kuti mwala wina wa m'mbali mwa phiri la Michiru kapena pa mathithi a Nkula, pamene timatapa magetsi kuyambira 1966, uli ndi mbiri imene akulu anasiya kuikamba. Zilombo zoseweretsa tili nazo zambiri zimene sizipweteka munthu: Kalulu akhoza kukhala kondakitala wobera chenje, Fisi akhoza kukhala mlonda wogona pa ntchito, Bilimankhwe akhoza kukhala mtumiki amene mpaka lero akali m'njira ndi uthenga wa Chauta wakuti anthu asamafe, buluzi atamupitirira kalekale. Amenewa ndi a m'nthano za "padangotero", zimene aliyense amadziwa kuti n'zopeka. Mlembi wanzeru asiyanitse nthano zoseweretsa ndi zikhulupiriro zoopedwa. Ndipo ngati alowa m'zoopedwazo, alowe ndi cholinga: gogo woganiziridwa uja akhale ndiye wosalakwa, ndipo ulendo wa mnyamata wathu ukhale womupulumutsa ku gulu la anthu.

PHUNZIRO LA KWA SINGANO

Chitsanzo cha kubwereka kwabwino chili ku Chileka komweko, ngakhale kuti si cha mabuku. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano, anamva nyimbo za kwela za ku South Africa ali ana ku Salisbury. Atabwerera kwawo sanangobwereza zimene anamvazo. Anatenga kamangidwe kake, chitoliro ndi gitala ndi besi ya chingwe chimodzi, n'kuthiramo Chichewa ndi nkhani za kwawo, mpaka Gerhard Kubik atawamva mu 1967 anazindikira kuti ichi ndi chinthu chatsopano. Evison Matafale ndi Black Missionaries, a ku Chileka komweko, anachita chimodzimodzi ndi reggae ya ku Jamaica. Palibe amene amati nyimbo zawo n'zobwereka, chifukwa zimene zikuimbidwamo ndi zathu. Ndiponso kwa Singano komweko Moya Malamusi anakhala zaka zambiri akujambula nthano ndi nyimbo za anthu a m'midzi. Wofuna kulemba Percy wa Chichewa asayambire pa kanema wa Disney wa 2023. Ayambire kwa anthu otere, ndi kwa agogo ake.

Chiyankhulo nacho tisachiiwale. Mphamvu ina ya Riordan ndi yakuti Percy amasimba yekha nkhani yake m'chiyankhulo cha mwana wa msinkhu wake, chachipongwe ndi chanthabwala, ngakhale poyankhula ndi milungu. Mwana wa kwathu sanganene "iwe" kwa mzimu wa agogo ake. Adzagwada, adzaomba m'manja, adzati "inu", koma mumtima akutafuna mawu ena. Mpata umene uli pakati pa ulemu wa pakamwa ndi mkwiyo wa mumtima ndi munda wa nthabwala umene Chingerezi chilibe, ndipo ukudikira wolima.

Pomaliza ndinene kuti mabuku a Percy Jackson ndi oyenera kuwerengedwa, makamaka loyamba ndi lachisanu, ndipo amene angawapeze pa mabuku akaunjika mu Blantyre asawasiye. Amaphunzitsa kufulumira kwa nkhani, kukonda malo, ndi kulemekeza mwana amene sukulu yamutaya. Koma ufulu umene mlembi wake ali nawo ndi ufulu wa munthu wosewera pamanda a anthu osawadziwa. Ife tikulemba pakhomo, eni ake ali pomwepo akumva. Zimenezi zichititsa kuti buku lathu likhale lovuta kulemba, ndipo litenga nthawi, kufunsa ndi kupepesa. Likadzalembedwa lidzaposa la Riordan pa chinthu chimodzi: mwana wa ku Lirangwe akadzafika pa mutu wa mvula yamkuntho, adzadzuka kukatseka zenera.